Nandolo wa ku Zalewa ndi msika wa kunja: ntchito ya mabungwe a alimi

Aliyense amene adayendapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Blantyre kulowera ku Lilongwe amapadziwa pa Zalewa. Mukangowoloka mlatho wa pa mtsinje wa Shire, msewu umagawikana: wina umapitirira cha ku Balaka ndi ku Ntcheu, pomwe wina, wa M6, umakhotera ku Mwanza mpaka kuchipata cha Zobue cholowera ku Tete m'dziko la Mozambique. Ambiri odutsa pamalopa amangoona madengu a manachesi, matumba a makala ndi magalimoto akuluakulu atandandalika m'mbali mwa msewu. Koma kuyambira mwezi wa Julayi mpaka cha mu Okutobala pamadutsanso katundu wina amene amabweretsa ndalama zakunja m'dziko muno, ndipo katunduyo ndi nandolo. Nkhani ino yakonzedwa pofuna kuthandiza alimi, amalonda ndi anthu onse kumvetsa komwe nandoloyo amapita, chimene chimakweza kapena kugwetsa mtengo wake, ndi zimene bungwe la alimi lingachite kuti mlimi asamangogulitsa mosadziwa chimene chikuchitika.

Dera lake ndi mbewu yake

Zalewa ili m'boma la Neno, m'dera la Mfumu Yaikulu Saimoni. Boma la Neno ndi limodzi mwa maboma atsopano m'dziko muno popeza kale lidali gawo la boma la Mwanza, ndipo kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti muli anthu oposa 138,000. Bomali lili ndi nkhope ziwiri. Kumtunda, cha ku Neno boma ndi kwa Dambe m'mapiri a Kirk Range, kumazizira ndipo mvula imagwa yokwanira. Kumeneko kumachita bwino mbatata ya kachewere, tirigu, zipatso ndi mtedza wa makademiya. Kumunsi, m'chigwa cha Lisungwi ndi cha Shire komwe kuli Zalewa, n'kotentha, mvula imabwera mochedwa ndipo kawirikawiri imadula msanga. Pa nkhani za ulangizi, bomali lili pansi pa chigawo cha zaulimi cha Blantyre ADD, ndipo alimi a ku Zalewa amathandizidwa kudzera ku Lisungwi EPA.

Nandolo amayanjana ndi malo otere chifukwa cha mizu yake. Muzu waukulu umalowa pansi kwambiri n'kumakatunga chinyontho komwe mizu ya chimanga sifika, choncho mbewuyi imapitiriza kukula ngakhale mvula italeka. Monga mbewu zina zamtundu wa nyemba, imawonjezera chonde cha nayitirojeni m'nthaka, masamba ake akayoyoka amasanduka manyowa, ndipo mitengo yake ikauma imakhala nkhuni, zomwe si zochepa m'dera lomwe nkhalango zatha ndi makala. Alimi ambiri amabzala nandolo pamodzi ndi chimanga m'munda umodzi, ena amaphatikiza ndi mtedza. Popeza nandolo amakula pang'onopang'ono m'miyezi yoyambirira, salimbana kwambiri ndi mbewu inzakeyo; amadzayamba kutambasuka chimanga chitakhwima kale.

Mitundu ya mbewu imene ilipo njosiyana kakhwimidwe. Sauma, amene adavomerezedwa m'dziko muno m'chaka cha 1987 chifukwa chopirira ku matenda ofotetsa nandolo, ndi Kachangu, ndi mitundu yochedwa kucha, yotenga miyezi isanu ndi itatu kapena kuposerapo. Mwaiwathualimi komanso Chitedze 1 ndi Chitedze 2 amacha pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Mitundu imeneyi idachokera ku kafukufuku wa nthambi yoona za kafukufuku wa zaulimi mu Unduna uno mogwirizana ndi bungwe la ICRISAT, lomwe lili ndi ofesi ku Chitedze ku Lilongwe. Palinso mbewu yamakolo ya Mthawajuni imene alimi a m'chigawo cha kummwera amaikonda kwambiri. Dzina lakelo likunena za kucha kwake msanga, isanakumane ndi chisanu cha mwezi wa Juni.

Wogula weniweni ali kutali

Venda amene amaika sikelo yake pansi pa mtengo pa Zalewa kapena pa Kam'mwamba si amene amakonza mtengo wa nandolo. Iye amagulira amalonda akuluakulu a ku Blantyre ndi ku Limbe, ndipo amalondawo amayang'ana dziko la India. India ndiye amalima nandolo wochuluka kuposa dziko lina lililonse, komanso ndiye amadya wochuluka kuposa onse, moti zaka zambiri zokolola zake sizikwanira. Kumeneko nandolo amamutcha tur kapena arhar, ndipo amamudya atamusuwa khungu n'kumuphwanya pakati, monga momwe timachitira ndi chipere. Chakudya chakecho amati dal. Nandolo wathu wina amapita ali wathunthu, wina amayamba wakonzedwa m'mafakitale a mumzinda wa Blantyre, ndipo wokonzedwayo amagulitsidwanso ku maiko ena komwe kumakhala anthu ochokera ku India.

Mwayi wa mlimi wa kuno wagona pa nyengo. Alimi a ku India amayamba kukolola nandolo wawo cha mu Disembala ndi Januwale, ndipo a ku Myanmar, dziko linanso logulitsa nandolo wambiri, amakolola cha kumayambiriro a chaka. Ife timakolola kuyambira Julayi mpaka Seputembala kapena Okutobala, pamene nkhokwe za ku India zayamba kuchepa ndipo mafakitale awo akusakasaka katundu. Nandolo amene wakwera sitima ku Beira kapena ku Nacala mu Seputembala kapena Okutobala amafika mtengo ukadali wabwino. Amene wachedwa n'kufika limodzi ndi zokolola za eni dziko amapeza mtengo utatsika. Tanzania ndi Mozambique amakololanso nthawi yofanana ndi yathu, choncho mpata umenewu timaulimbirana ndi anzathu amene ali ndi madoko awoawo.

Ulimi wodalira mpata wa nyengo chotere si wa nandolo yekha. Ku Alaska, dera lozizira kwambiri la kumpoto kwa America, alimi adazindikira kuti maluwa otchedwa peony, omwe amafunidwa kwambiri pa maukwati ndipo amagulitsidwa pa mtengo wokwera, amamasula kwawoko kuyambira Julayi mpaka Seputembala, nthawi yomwe m'madera ena onse olima maluwawa amakhala atatha kale. Minda yawo njaing'ono ndipo ili motalikirana, choncho adakhazikitsa bungwe la Alaska Peony Growers Association kuti aziphunzitsana kalimidwe ndi kasamalidwe ka maluwa akadulidwa, komanso kuti ogula akutali awadziwe. Maluwa a peony sangachite pa Zalewa, chifukwa amafuna miyezi ingapo ya chisanu choopsa kuti amasule. Tawatchula chifukwa vuto la alimi awowo ndi lofanana ndi lathu: mbewu ili ndi msika pa nthawi yochepa, msikawo uli kutali, ndipo mlimi mmodzi payekha alibe katundu wokwanira kuti wogula amutchere khutu.

Zimene zidachitika mu 2017

Alimi a ku Neno, Mwanza, Balaka ndi maboma ena sadaiwale zaka za 2017 ndi 2018, ndipo ndi bwino kufotokoza chimene chidachitika chifukwa ena mpaka lero amaganiza kuti kudali kungochenjera kwa mavenda. M'zaka za 2014 ndi 2015 mvula idavuta ku India, nandolo adachepa, ndipo mtengo udakwera kwambiri pa msika wa dziko lonse. Alimi a kuno adapeza ndalama zimene anali asadazionepo pa mbewuyi, ndipo ambiri adawonjezera minda. Alimi a ku India nawonso adawonjezera minda yawo, mvula idagwa bwino mu 2016, ndipo adakolola nandolo wochuluka zedi. Pofuna kuteteza alimi ake, mu Ogasiti 2017 boma la India lidalamula kuti nandolo wolowa m'dzikomo asapitirire matani 200,000 pa chaka. Lamuloli lidabwera nthawi imene alimi athu anali pakati pokolola.

Dziko la Mozambique lidali ndi pothawira, chifukwa mu Julayi 2016 lidasainirana ndi India mgwirizano wogulitsa nandolo ndi mbewu zina zamtundu wa nyemba. Malawi adalibe mgwirizano wotere. Mtengo udagwa mpaka m'misika ina kufika pansi pa K100 pa kilogalamu, ndipo panali alimi amene adasiya nandolo m'munda poona kuti kulipira aganyu okolola kukadaposa ndalama zimene akadapeza. Ena adazula mbewuyo n'kulumbira kuti sadzalimanso.

Mu Juni 2021 maboma a Malawi ndi India adasainirana mgwirizano wolola Malawi kugulitsa matani 50,000 a nandolo chaka chilichonse kwa zaka zisanu. M'chaka chomwecho India adafewetsa malire ake pa nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo wakhala akuwonjezera nthawi ya chilolezocho kangapo. Mlimi adziwe kuti mgwirizano wotere umangotsegula khomo la msika. Sulonjeza mtengo, ndipo ogula ndi makampani a anthu, osati boma la India. Adziwenso kuti chilolezo chimene chimawonjezeredwa nthawi ndi nthawi chikhoza kusinthidwa chaka chimene India wakolola zambiri. Pachifukwa ichi Unduna sulimbikitsa kuti banja liike munda wonse pa nandolo yekha. Kuphatikiza ndi chimanga, mtedza kapena mapira kumathandiza kuti chaka chimene msika wavuta pakhomo pakhale chakudya, ndipo nandolo yemweyo ndi ndiwo zopatsa thanzi, waiwisi kapena wouma.

M'zaka zovutazo mawu a alimi adamveka kudzera m'mabungwe awo. Bungwe la Nandolo Farmers Association of Malawi lidali limodzi mwa amene adapempha boma kuti lifunefune msika wodalirika ndi kukambirana ndi India, ndipo mabungwe a Farmers Union of Malawi ndi NASFAM nawonso akhala akulankhulira alimi pa nkhani za misika. Mlimi wa pa Zalewa payekha sakadatha kufikitsa dandaulo lake ku Capital Hill.

Kalabu, bungwe ndi kopaletivi

Mayina atatuwa amasokoneza anthu ambiri. Kalabu ndi kagulu ka alimi a mudzi umodzi kapena midzi yoyandikana, kawirikawiri anthu khumi mpaka makumi awiri, amene amakumana ndi mlangizi, kuphunzira pamodzi ndi kusungitsana ndalama. Makalabu angapo akagwirizana amapanga bungwe lalikulu loimira alimi a dera lonse kapena a mbewu imodzi, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuphunzitsa, kufalitsa uthenga wa misika ndi kulankhulira mamembala. Kopaletivi ndi bizinesi: mamembala amagula masheya, amasankha atsogoleri, ndipo phindu likapezeka amagawana potsata malamulo awo. Kopaletivi yolembetsedwa ikhoza kutsegula akaunti ku banki m'dzina lake, kusaina mgwirizano ndi wogula, kutenga ngongole, kukhala ndi nyumba yosungira katundu, komanso kusumira kapena kusumiridwa kukhoti. Kalabu yosalembetsa singathe kuchita zimenezi, ndipo wogula wamkulu amazengereza kupangana ndi gulu lomwe malamulo a dziko sakulidziwa.

Ntchito yoyamba ya gulu ndi kusonkhanitsa katundu. Mlimi wa matumba atatu kapena asanu alibe mphamvu yokambirana mtengo, chifukwa kubwereka galimoto yopita ku Blantyre kungamudyere phindu lonse, ndipo venda amadziwa zimenezi. Galimoto yaikulu ya matani 30 imanyamula matumba 600 a makilogalamu 50. Alimi 120 aliyense atabweretsa matumba asanu, galimoto imeneyo yadzaza, ndipo wogula wa ku Limbe amavomera kuitumiza yekha kudzatenga katundu pamalo amodzi. Apa ndi pamene Zalewa ili ndi mwayi woposa madera ambiri a m'bomali: ili pa msewu wa tala, ulendo wa pafupifupi ola limodzi kuchokera ku mafakitale a ku Blantyre, ndiponso pa njira yopita ku doko la Beira kudzera ku Mwanza ndi ku Tete. Mlimi wa kumapiri amayamba walimbana ndi misewu yovuta kuti afike pamene mlimi wa pa Zalewa amayambira.

Ntchito yachiwiri, imene ambiri saiwerengera, ndi sikelo. Gulu likakhala ndi sikelo yakeyake yoyesedwa ndi kudindidwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, mlimi amadziwa kulemera kwenikweni kwa thumba lake asanakumane ndi wogula. Kugulitsa nandolo ndi ndowa kapena mbale kumabisa chinyengo chachikulu, chifukwa ndowa zimasiyana kukula ndipo zina zimachita kufutukulidwa dala. Chaka chilichonse Unduna umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu kwa alimi, kuphatikizapo nandolo, ndipo wogula mbewu aliyense ayenera kukhala ndi chiphaso. Mlimi ali ndi ufulu wopempha kuona chiphasocho. Tinene chilungamo kuti mtengo wolengezedwawo sutsatidwa paliponse, makamaka kumidzi yakutali komwe wogula ndi mmodzi yekha ndipo mlimi akufuna ndalama ya fizi tsiku lomwelo. Umatsatidwa bwino pamene alimi agwirizana kuti palibe amene agulitse pansi pa mtengowo, n'kukanena kwa alangizi, kwa mafumu kapena kupolisi akaona wophwanya lamulo.

Ntchito yachitatu ndi kusunga. Mtengo umakhala wotsika masabata oyambirira okolola chifukwa aliyense akugulitsa nthawi imodzi. Gulu lokhala ndi nyumba yosungiramo likhoza kudikira pang'ono. Lamulo la Warehouse Receipts Act la chaka cha 2018 limalola mlimi kapena gulu kusungitsa mbewu ku nyumba yovomerezeka n'kulandira lisiti, ndipo lisitiyo ikhoza kukhala chikole chotengera ngongole ku banki podikira wogula. Msika wa mbewu wa Agricultural Commodity Exchange for Africa umagwira ntchito ndi ndondomeko imeneyi. Koma pa nandolo kudikira kuli ndi malire ake. Chimanga chimakwera mtengo mpaka Januwale ndi Febuluwale. Nandolo wogulitsa kunja akadutsa mpata wa nyengo tidaufotokoza uja, akhoza kutsika m'malo mokwera, ndipo ndalama zolipira posungira ndi chiwongoladzanja cha ngongole zimakhala zikuwerengedwabe. Atsogoleri a gulu ayenera kutsatira mitengo sabata ndi sabata n'kugwirizana ndi mamembala tsiku lomaliza logulitsira.

Katundu amene wogula wakunja amavomera

Nandolo wabwino amayambira m'munda. Mafakitale amakonda njere zikuluzikulu, zofanana kukula, zoyera kapena zotuwirako, chifukwa zimasuwika mosavuta ndipo sizitayika zambiri pokonza. Thumba losakaniza mitundu itatu, ina yofiira, ina yamawangamawanga, limagulidwa motsika ngakhale njere zake zili zabwino. Gulu limathandiza pogwirizana mtundu umodzi kapena iwiri yoti mamembala onse abzale, ndi kugula mbewu yovomerezeka pamodzi m'malo mobzala yogula pamsika.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene nandolo akuchita maluwa ndi kuyamba kubereka. Mbozi zoboola makoko, tizilombo toyamwa njere zanthete ndi tina todya maluwa zikhoza kuwononga gawo lalikulu la zokolola m'masabata ochepa. Mlimi ayendere munda wake kawirikawiri nthawi imeneyi, ndipo akaona tizilombo afunse mlangizi za mankhwala oyenera ndi mlingo wake. Mankhwala ogula mwachisawawa m'mabotolo opanda chizindikiro amaika moyo wa wopopera pachiswe, ndiponso akhoza kutsalira m'njere mpaka katundu kukanidwa. Pa matenda ofotetsa, omwe amakhala m'nthaka, mankhwala opopera sathandiza; chothandiza ndi kubzala mitundu yopirira ndi kuchita kasinthasintha wa mbewu.

Akakolola, nandolo aumitsidwe pa mphasa, pa lona kapena pa simenti, osati pa dothi, mpaka njere izimveka kuti gwa poiluma. Ogula amayeza chinyontho ndi makina, ndipo ambiri amafuna chisapitirire 12 kapena 13 pa 100 aliyonse. Apetedwe bwino, achotsedwe miyala, zinyalala, njere zofumbwa ndi zankhungu. Anankafumbwe a nandolo amayamba kulowa m'njere zikadali kumunda, choncho thumba looneka labwino mu Ogasiti likhoza kukhala ufa pofika Novembala. Matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amapha tizilomboti popanda mankhwala ngati amangidwa bwino ndipo sadabooke.

Pali chizolowezi china chimene tiyenera kuchitchula poyera: kuthira mchenga kapena timiyala pakati pa thumba, kapena kuwaza madzi usiku kuti nandolo alemere. Wochita zimenezi amaganiza kuti wabwezera venda wa sikelo yachinyengo. Koma wogula wamkulu amabaya matumba ndi chitsulo chotengera zitsanzo, ndipo akapeza mchenga m'matumba awiri kapena atatu amatsitsa mtengo wa galimoto yonse, kapena kuibweza. Otaya ndi mamembala onse, ndi mbiri ya dera. Magulu oyenda bwino amalemba nambala ya membala pa thumba lililonse, ndipo malamulo awo amanena chilango cha wopezeka ndi mlandu wotere.

Vuto lina ndi kugulitsa kumbali. Gulu limapangana ndi wogula kuti lipereka matani mwakuti, koma tsiku losonkhanitsa likafika theka la mamembala lagulitsa kale kwa mavenda. Nthawi zambiri sachita izi mwa mwano: pakhomo pagwa matenda kapena mwana wabwezedwa kusukulu, ndipo gulu limalipira patapita masabata pomwe venda amalipira pompopompo. Kudzudzula kokha sikuthetsa vutoli. Limachepa pamene gulu lili ndi thumba la ndalama lolipirako gawo lina tsiku lomwe membala wabweretsa katundu, kuchokera ku masheya, ku banki m'khonde kapena ku ngongole ya lisiti ija. Limachepanso pamene mabuku a ndalama amawerengedwa poyera pa msonkhano, chifukwa palibe amene angapereke matumba ake kwa atsogoleri amene sakuwakhulupirira. Makopaletivi ambiri amene adagwa m'dziko muno adagwa chifukwa cha kusayenda bwino kwa ndalama, msika ulipo.

Kulembetsa ndi kupeza thandizo

Makopaletivi amalembetsedwa pansi pa lamulo la Cooperative Societies Act la chaka cha 1998, kudzera kwa mkulu wolembetsa makopaletivi ku unduna woona za malonda ndi mafakitale. Pamafunika anthu osachepera khumi, ngakhale kuti pa malonda a nandolo gulu la anthu khumi ndi lochepa kwambiri. Mamembala amayamba aphunzitsidwa za kayendetsedwe ka kopaletivi, kenaka amalemba malamulo awo, kusankha komiti ndi kugwirizana mtengo wa sheya imodzi. Poyambira pabwino ndi kwa mlangizi wa dera lanu, amene adzakulumikizani ndi mlangizi wa zamalonda a ulimi ku ofesi ya zaulimi ya boma la Neno ndi ofesi ya zamalonda ku khonsolo.

Kuyambira chaka cha 2018 boma lakhala likuyendetsa ntchito ya AGCOM ndi thandizo la World Bank. Ntchitoyi imapereka ndalama zothandizira magulu a alimi amene ali ndi mgwirizano wolembedwa ndi wogula, kuti amange nyumba zosungiramo katundu kapena agule zipangizo ndi makina. Gulu limayenera kusonkha gawo lake la ndalama ndi zipangizo, ndipo limalemba dongosolo la bizinesi losonyeza kuti ntchitoyo ipindula. Nthawi yolandira makalata ofunsira thandizoli imalengezedwa m'manyuzipepala, pa wailesi ndi m'maofesi a zaulimi. Palibe amene ayenera kulipiritsa gulu ndalama pomalonjeza kuti aliika pa mndandanda wa olandira.

Kwa ofuna kutumiza okha kunja

Makopaletivi ambiri ongoyamba kumene amagulitsa kwa makampani otumiza kunja kapena kwa mafakitale, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Kutumiza wekha kumafuna ndalama zambiri zoyambira, chifukwa malipiro amabwera katundu atayenda masabata angapo panjira ndi panyanja. Wofuna kutero akhale ndi bizinesi yolembetsedwa ndi nambala ya msonkho ya Malawi Revenue Authority, ndiponso mgwirizano wolembedwa ndi wogula wonena mtengo, muyeso wa katundu ndi njira yolipirira. Afunse ku unduna wa zamalonda za chilolezo chotumizira kunja ndi malamulo amene akugwira ntchito chaka chimenecho, popeza amasintha ndipo pa mbewu zina boma limafuna kuti malonda adzere m'misika yovomerezeka ya mbewu. Katundu ayenera kuyenderedwa ndi akuluakulu oona za umoyo wa mbewu mu Unduna uno, amene m'chigawo cha kummwera amapezeka ku Bvumbwe Research Station, kuti apereke chiphaso chotsimikizira kuti mulibe tizilombo ndi matenda. Dziko la India limafunanso kuti katunduyo afukizidwe mankhwala opha tizilombo. Pamafunikanso chikalata chosonyeza dziko lomwe katundu wachokera, ndi fomu ya CD1 imene imadzera ku banki potsata malamulo a Reserve Bank of Malawi, yotsimikizira kuti ndalama zakunja zidzabwerera m'dziko muno. Bungwe la Malawi Investment and Trade Centre limapereka uphungu pa zonsezi ndipo limathandiza kulumikiza ogulitsa ndi ogula.

Kudutsitsa nandolo m'njira zachidule kulowa ku Mozambique, komwe kumachitika m'madera a m'malire a Neno ndi Mwanza, ndi mlandu, ndipo katundu wogwidwa amalandidwa. Nandolo wotero amakalembedwa ngati wa dziko lina, ndalama zake sizifika m'mabanki a kuno, ndipo pokambirana ndi India ziwerengero zathu zimaoneka zochepa kuposa zimene alimi athu amakolola.

Phunziro la kumapiri

M'boma lomweli muli chitsanzo cha alimi ang'onoang'ono amene adafika pa msika wa kunja kudzera m'gulu. Mtedza wa makademiya kale udali mbewu ya minda ikuluikulu ya ku Thyolo ndi madera ena, chifukwa mtengo wake umatenga zaka zinayi kapena zisanu usanayambe kubereka, ndipo kuswa ndi kukonza mtedzawo kumafuna fakitale. Alimi a kumtunda kwa Neno adapanga kopaletivi yawo, imene ili m'gulu la makopaletivi la Highland Macadamia Cooperative Union Limited pamodzi ndi alimi a ku Ntchisi ndi maboma ena, ndipo mothandizidwa ndi bungwe la Neno Macadamia Trust la ku Britain mtedza wawo wakhala ukugulitsidwa ku Ulaya. Makademiya safuna kutentha kwa pa Zalewa, koma kayendetsedwe ka gulu lawo, kuyambira pa nazale ya mbande zomezetsa mpaka pa kulemba zokolola za membala aliyense, n'koyenera kukaonedwa ndi atsogoleri a magulu a nandolo, ndipo ulendo wake ndi wa tsiku limodzi. Alimi a manachesi a ku Mwanza ndi Neno, amene zipatso zawo zimaola m'madengu m'mbali mwa msewu chaka chimene zabereka kwambiri, ali ndi vuto lovutirapo, chifukwa katundu wawo sangadikire ngakhale masabata awiri.

Nkhani ya mbuzi

Pomaliza pali nkhani imene imabweretsa milandu yambiri kwa mafumu kuposa ina iliyonse yokhudza nandolo. Mwa chizolowezi, anthu akakolola chimanga amamasula mbuzi ndi ng'ombe kuti zizidya mapesi m'minda. Nthawi imeneyo nandolo amakhala akuchita maluwa kapena kubereka, ndipo ndiye chomera chobiriwira chokha chotsala m'munda. M'dera loweta kwambiri ngati la Lisungwi, mlimi mmodzi sangalondere munda wake usana wonse kwa miyezi itatu. Midzi ina idathetsa mkanganowu pogwirizana ndi mafumu awo malamulo a m'mudzi onena mwezi womasulira ziweto ndi chindapusa cha mwini chiweto chimene chawononga mbewu, ndipo mitundu yocha msanga monga Mwaiwathualimi imafupikitsa nthawi yomangirira ziwetozo. Gulu la alimi lipereke nkhaniyi ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi kwa a gulupu mvula isanayambe, eni ziweto akhalepo pokambirana, ndipo zogwirizanazo zilembedwe n'kusungidwa kwa mfumu ndi kwa mlangizi.